NYUMBA ZIŴIRI ZA PA CHILUMBA CHA IONA

Mau amene adalankhula Mlembi wa Mvano pa tsiku la chikondwerero chathu



Pamene komiti inandiuza kuti ndidzalankhule lero, ndinayamba ndakana. Ndinati ntchito yanga ndi kulemba zimene ena anena, osati kuima kutsogolo kwa anthu, ndiponso sukulu yanga idathera ku pulaimale. Koma amayi apampando anati, "Munapita ku Scotland m'dzina lathu, tsono mutibwezere zimene maso anu anaona." Pamenepo ndinasoŵa choyankha. Zimene ndinaona kumeneko nzambiri, koma lero ndasankhapo chimodzi chokha. Ndikamba za tchalitchi chakale cha pa chilumba cha Iona, chimene kale chidali cha amonke, ndiye kuti amuna odzipatula amene sakwatira koma amakhala pamodzi kupemphera ndi kugwira ntchito. Nkhaniyi ikutikhudza, pakuti amishoni amene adayamba Mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1876 adachokera ku mpingo wa ku Scotland, ndipo anthu a kumeneko akamafotokoza mmene Uthenga udafikira kwao, dzina la Iona silisoŵa pakamwa pao.

Iona ndi kutali ngakhale kwa eni dziko omwe. Tinakwera sitima ya pamtunda ku Glasgow, maola atatu mpaka pa doko la Oban. Pamenepo tinakwera sitima ya pamadzi kupita ku chilumba chachikulu cha Mull. Mull tinamudutsa pa basi, pa mseu wopapatiza woti galimoto ziŵiri sizipambanapo bwino, mpaka pa kamudzi ka Fionnphort. Kenaka tinakweranso boti mphindi khumi zokha, ndipo tinafika. Chilumbacho nchaching'ono, mamailosi atatu m'litali, mailosi imodzi ndi theka m'lifupi. Amene mudapitako ku Likoma, Iona ndi ngati theka lake. Anthu okhalapo chaka chonse safika 200. Mitengo njoŵerengeka, mphepo ndiye yosakamba. Ine duku langa ndinachita kuligwira ndi manja aŵiri.

Mukatsika boti ndi kuyamba kukwera kamtunda, chinthu choyamba kukumana nacho si tchalitchi chotchukacho ayi. Mumayamba mwaona mabwinja a miyala yofiirira, makoma ali chiimire koma denga palibe. Alendo ambiri amangosuzumiramo nkupitirira. Ifenso tinachita chimodzimodzi, pakuti tinali pa changu. Amene ankatitsogolera anangoti, "Umu munkakhala amayi." Mau ameneŵa muwasunge, ndibwererako.

Mwini nkhani ndi Columba, munthu wa ku Ireland, wobadwira m'banja lachifumu. M'chaka cha 563 adaoloka nyanja ndi anzake 12 nadzakhala pa Iona. Musaganize kuti adafikira kumanga za miyala. Nyumba zao zoyamba zidali za mitengo ndi tsekera zomata dothi, zofolera, zosasiyana kwenikweni ndi zimene agogo athu ankagonamo. Malo ao adawazunguliza ndi ngalande ndi mchimba wa dothi, ndipo mbali ina ya mchimbawo ikuonekabe. Pafupi ndi tchalitchi pali kachulu ka mwala kamene amati padali kanyumba kolemberamo Columba. M'chaka cha 2017 akatswiri adapima makala amene adafukulidwa pamenepo, napeza kuti ngochokeradi m'nthaŵi yake.

Kanyumba kolemberamo kameneka kanandigwira mtima, mwina chifukwa cha udindo wangawu. Masiku amenewo kudalibe makina osindikizira mabuku. Munthu akafuna Masalimo, wina ankayenera kukhala pansi ndi nthenga ndi inki, kukopera liu ndi liu pa chikopa cha ng'ombe. Columba ankachita zimenezi mpaka tsiku lake lomaliza. Amene adalemba mbiri yake akuti tsikulo ankakopera Salimo 34, ndipo atafika pothera tsamba adaleka, nanena kuti zotsalazo adzamalize Baithene, amene adadzaloŵa m'malo mwake. Usiku womwewo adamwalira m'tchalitchi, pafupi ndi guwa. Chidali chaka cha 597. Ntchito siidafe naye. M'chaka cha 635 mmonke wina wa pa Iona dzina lake Aidan adapita kukalalikira kumpoto kwa England, nayamba nyumba ina pa chilumba cha Lindisfarne.

Pali kanthano kena kamene anatiuza tikuseka. Akuti Columba sankafuna akazi ndi ng'ombe pa chilumba chake, poti pamene pali ng'ombe pamakhala mkazi, ndipo pamene pali mkazi sipalephera mavuto. Kufupi ndi Iona kulidi kachilumba kena kamene dzina lake m'chinenero chao litanthauza Chilumba cha Akazi. Imeneyo ndi nthano chabe, ndipo abambo muli panonu musaitenge kupita nayo kunyumba. Chimene chili choona ndi ichi: mkulu wachisanu ndi chinayi wa amonke a pa Iona, Adomnan, yemwe uja adalemba mbiri ya Columba, ndiye adabweretsa lamulo loteteza akazi, ana ndi anthu a mpingo pa nthaŵi ya nkhondo. Lamuloli adalikhazikitsa pa msonkhano wa ku Birr ku Ireland m'chaka cha 697, ndipo mafumu ndi atsogoleri a mpingo 91 adalivomereza. Nkhani yakale imati adamkakamiza ndi mayi wake, ataona mitembo ya akazi pa malo pamene padachitika nkhondo, mwana wakhanda ali pa bere la mayi wakufa. Mayiyo sadampatse mwana wake mtendere mpaka atachitapo kanthu. Amayi otere tili nao muno.

Tsono kudadza adani. Adali anthu a ngalaŵa ochokera kumpoto, otchedwa Viking, ndipo chimene ankafuna ndi golide ndi siliva wa m'matchalitchi ndiponso akapolo. Adafika m'chaka cha 795. Mu 802 adatentha nyumba. Mu 806 adapha anthu 68 a pa nyumba ya amonkeyo. Mu 825 adapha mmonke Blathmac chifukwa adakana kuulula pamene adabisa bokosi la mafupa a Columba. Mu 986, usiku wa Khirisimasi, adapha mkulu wa amonke pamodzi ndi anzake 15. Ena mwa amonke adasamukira ku Kells ku Ireland, ndipo akatswiri ambiri amakhulupirira kuti buku lokongola la Mauthenga anayi lotchedwa Book of Kells, limene lero likusungidwa ku Trinity College mu mzinda wa Dublin, lidalembedwa pa Iona cha m'ma 800. Koma mumve bwino apa, amayi. Pa zaka zonsezi, pafupifupi 200, pemphero silidaleke pa Iona. Akatentha, otsala ankadula mitengo ina nkumanganso. Akapha, ena ankabwera kudzaloŵa m'malo.

Mboni ya nthaŵi imeneyo ilipo, yaima panja pa khomo la tchalitchi. Ndi mtanda wotchedwa wa Martin Woyera, wosemedwa kuchokera ku mwala umodzi, wamtali ngati mafiti 14, wokhala ndi mkombero pamene mikono yake ikumana. Waima pamalo pomwepo zaka zoposa 1,200. Mukayang'anitsitsa mumaona Mariya atanyamula Mwana pakatikati, Danieli pakati pa mikango, Abrahamu atasamula mpeni pa Isake, ndi Davide akuimba zeze. Anthu ambiri a nthaŵi imeneyo sankadziŵa kuŵerenga, choncho mtandawo ndiwo udali buku lao la Sande Sukulu. Pafupi pake pali mtanda wa Yohane Woyera. Umenewu udali ndi mikono yaitali kwambiri, ndipo mphepo idaugwetsa kangapo. Umene waima panja lero ngwa simenti. Zidutswa za weniweniwo adazilumikiza ndipo zili m'nyumba yosungiramo zakale.

Tchalitchi cha miyala chimene tikuchiona lero chidayamba cha m'ma 1200. Mfumu ya zilumba za kumeneko, Ranald mwana wa Somerled, idaitana amonke a chipani cha Benedict kuti adzakhale pa malo a Columba. Pa nthaŵi yomweyo idamangitsanso nyumba ya masisitere, naika mlongo wake Bethoc kukhala mkulu wao woyamba. Nyumba ziŵiri, banja limodzi, miyala yofanana.

Tiyeni tiloŵe m'tchalitchimo. Mukadakhala mbalame nkuchiyang'ana kuchokera kumwamba, mukadaona kuti adachiyala ngati mtanda, mutu wake kuloza kuvuma. Khomo lalikulu lili kuzambwe. Mukaloŵa mumafikira m'chipinda chachitali, mmene munkaima anthu wamba ndi alendo. Mukapitirira mumafika pamphambano, pamene mikono iŵiri ya mtanda ikupatuka, wina kumpoto wina kummwera. Pamwamba pa mphambanoyo ndi pamene pakhala nsanja, yambali zinayi, yonenepa, yosatalika kwambiri. Nyumba yonse ndi yotero, yachindunji ndi yokhala pansi, ngati mayi amene wakhazikika bwino pa mphasa. Ine ndinaganiza kuti pa chilumba cha mphepo yotere munthu sangamange zonyada. Kupitirira mphambano ndiye kumalo kwa amonke, kumene ankakhala moyang'anizana, mbali iyi ndi mbali iyo, kuimba Masalimo molandizana. Kumapeto kwenikweni kuli zenera lalikulu, ndipo pansi pake pali gome la Mgonero. Gomelo nlatsopano, koma mwala wake ngwa pa Iona pomwepo, woyera wa mizere yobiriŵira.

Makoma ake sadapakidwe pulasitala kapena laimu monga timachitira kuno. Miyala ili poyera, ina yofiira yolimba kwambiri yochokera tsidya ku Mull, ina yakuda, ndipo m'mphepete mwa mazenera ndi makomo adaikamo mwala wofeŵa wachikasu umene umalola kusema. Denga ndi la masileti, miyala yopyapyala yonga ija ena a ife tinkalembapo tili Sitandade 1.

Chinandidabwitsa nchakuti tchalitchichi sadachimange kamodzi nkutha. Ankamanga, kuphwasula, kukuza, kwa zaka 300. Pa khoma lakumpoto la malo a amonke pali nsanamira imene yayambira m'mwamba, yolenjekeka ngati yosoŵa poponda. Sikuti mmisiri adalakwitsa. Kale pansi pa chipindacho padali pokwera, ndipo kunsi kwake kudali chipinda china; pambuyo pake adatsitsa pansipo, nsanamira nkutsala m'malere. Ntchito yaikulu idachitika cha m'ma 1450, pa nthaŵi ya mkulu wa amonke dzina lake Dominic, amene adapeza nyumba itayamba kugwa chifukwa ena amene adalipo kale ankadya chuma chake ndi abale ao. Zimenezo siza lero ayi. Mmisiri wake adali Donald O Brolchan. Tikumdziŵa chifukwa adasema dzina lake pamutu pa nsanamira ina ya pamphambano, kuti ntchitoyi adagwira ndi iye.

Pa mitu ya nsanamira za mbali yakummwera amisiri adasemapo zithunzi, ndipo mukapanda kukweza maso mungazipitirire. Pali nyama, pali masamba, pali anthu akukoka ng'ombe kukaipha. Chimodzi chinandiseketsa, kenaka nkundiopsa. Mngelo wagwira sikelo kupima mizimu ya anthu, koma kumbali kwabisala kachiŵanda kakukanikiza mbale imodzi ya sikeloyo kuti ilemere. Ndinati kodi za sikelo yobera za pa msika wa chimanga zidafikanso kuno? Mmisiri ameneyu ankawadziŵa anthu.

Ku mkono wakumpoto kuli makwerero otsika kuchokera m'chipinda chogona. Amonke ankapemphera kasanu ndi kaŵiri usana ndi kamodzi usiku. Belu likalira pakati pa usiku, ankadzuka nkutsika pa makwerero ameneŵa kuloŵa m'tchalitchi osatulukira panja. Ndinaimirira pamenepo nkumaganiza za ife amene timadandaula kuti 2 koloko masana Lachinayi ndi nthaŵi yovuta. Kuseri kwa khoma lomwelo kuli bwalo la mbali zinayi la udzu, lozunguliridwa ndi khonde lofolera. Khonde limeneli ndilo lidali njira yao yopitira kodyera, kogona ndi kochitira misonkhano. M'nyumba zambiri za amonke bwalo lotere limakhala kummwera kwa tchalitchi kuti lizilandira dzuŵa, koma pa Iona lili kumpoto, kumene kuli kamtsinje kamene ankatungako madzi ndi kuchotsera zonyansa. Amene adasankha zimenezo adaganiza ngati mayi: dzuŵa ndi labwino, koma khomo lopanda madzi silikhalika.

Tsono chidagwetsa nyumba yotere nchiyani? Apa ndi pamene ndikufuna timvetsetsane. M'chaka cha 1560 mpingo wa ku Scotland udapatukana ndi Roma, pa nthaŵi ya John Knox. Ife a Chipresibeteriyani ndife zidzukulu za kusintha kumeneko, ndipo sitichita nako manyazi, pakuti kudatipatsa Baibulo m'manja ndi m'chinenero cha anthu. Koma chilungamo tinene. Kuyambira pamenepo moyo wa amonke udatha. Amene adalipo adakalamba nafa, ndipo panalibe oloŵa m'malo. Minda ya nyumbayo idagwa m'manja mwa eni mphamvu a m'deralo. M'zaka za m'ma 1630 Mfumu Charles I idayesa kukonzetsa mbali yakuvuma kuti ikhale tchalitchi cha bishopu, koma sizidakhalitse. Pambuyo pake padalibenso munthu amene ankati nyumbayi ndi yanga. Sileti limodzi likasomphoka, palibe wokwera kukabwezera. Mvula idaloŵa, mitanda ya denga idaola, denga lidagwa. Anthu ofuna kumanga nyumba zao ndi makola ankadzatolapo miyala. A Viking adabwera ndi moto ndi nkhwangwa kwa zaka 200 koma adalephera kutseka pakamwa pa Iona. Chimene adalephera adani adachita ndi eni ake, Akhristu, osagwira chida chilichonse, pongokhala osachitapo kanthu. Tchalitchi chidakhala chopanda denga zaka zoposa 200.

Chizindikiro cha zaka zimenezo chikadalipo. M'kati mwa tchalitchi, m'mwamba pa makoma a malo a amonke aja, mwamera tizitsamba tobiriŵira ta m'mphepete mwa nyanja. Amati tidamera nthaŵi imene mvula inkagwera m'katimo, ndipo okonza adangotisiya.

Kudzuka kwake kudayamba m'chaka cha 1899. Mwini chilumba, mfumu ya dera la Argyll imene amaitcha Duke, wachisanu ndi chitatu pa udindowo, adapereka mabwinjawo m'manja mwa bungwe losunga malowo, lolumikizana ndi mpingo wa Scotland. Adaikapo mau aŵiri: kuti tchalitchi chimangidwenso, ndi kuti Akhristu a mipingo yonse aziloledwa kupempheramo. Iye adamwalira chaka chotsatira osaona denga. Chifaniziro chake ndi cha mkazi wake, zosema pa mwala woyera, zagona mu mkono wakummwera. Koma adapereka mabwinja, sadapereke ndalama zomangira. Kuyambira 1902 adafolera mbali yakuvuma ndi mikono iŵiri ija. Chipinda chachitali cha anthu wamba chidatsala chili pamtunda. Ndipo amene adasonkha ndalama zambiri zomalizira mbali imeneyi adali amayi a Woman's Guild, ndiye kuti Mvano wa mpingo wa Scotland, umene udayamba m'chaka cha 1887. Ntchitoyo idatha mu 1910. Nditamva zimenezi ndinayang'ana kudenga kaŵiri. Ambiri mwa amayi amenewo mwina sadapondepo pa Iona. Ndalama zao zidali zonga zathu zomwezi, zapang'onopang'ono, zomangidwa pa mfundo ya nsalu. Paja akulu adati mutu umodzi susenza denga.

Tchalitchi chidatha, koma nyumba zozungulira bwalo lija zidali mabwinjabe. Amene adazitola ndi mbusa George MacLeod. Iyeyu adamenya nao nkhondo yoyamba ya dziko lonse, nabwerako akudana ndi nkhondo. Adali mbusa ku Govan, dera la osauka mu mzinda wa Glasgow, kumene amuna ambiri odziŵa ntchito zamanja ankangokhala chifukwa ntchito zopanga sitima zidaima. Adaona kuti abusa ndi anthu ameneŵa sakumvana, ngati olankhula zinenero ziŵiri. Tsono mu 1938 adasiya mpingo wake, natenga amisiri ndi abusa achinyamata ongomaliza maphunziro kupita nao ku Iona. Kumeneko abusa ndiwo adali othandizira, kunyamula miyala ndi kukanda matope, amisiri akuwalamula. Abusa athu mundikhululukire, koma ine ndikadakonda kuona zimenezo. Umu ndi mmene lidayambira gulu la Iona Community. Amasimba kuti pa nthaŵi ya nkhondo yachiŵiri, matabwa atasoŵa, sitima ina itakumana ndi namondwe idataya matabwa m'nyanja, ndipo adakakocheza pa gombe la Mull moyang'anizana ndi Iona, a msinkhu womwe ankaufuna. Ntchito yomanga idatha cha mu 1965. Mmodzi wa gululi adali mbusa Tom Colvin, amene adatumikira kuno ku Sinodi ya Blantyre, ndipo adatenga maimbidwe a nyimbo za kuno kukawaphunzitsa Akhristu a kwao.

Amonke kulibenso, koma m'tchalitchimo amapemphera m'maŵa ndi madzulo. Chisamaliro cha makoma chidapita m'manja mwa boma m'chaka cha 2000, ndipo a Iona Community ndiwo amatsogolera mapemphero ndi kulandira alendo. Pemphero la m'maŵa limatha anthu ali chiimire, osakhalanso pansi, aliyense nkulunjika ku ntchito yake, wina kukatsuka mbale, wina kukasesa. Amatero pofuna kuonetsa kuti ntchitoyo ndi kupitiriza kwa pemphero lomwelo. Gulu limeneli poyamba lidali la amuna okhaokha. Akazi adayamba kulandiridwa mu 1969, ndipo mu 2002 mayi Kathy Galloway adakhala mkazi woyamba kulitsogolera.

Tsopano ndibwerere kumene ndinakusiyani. Madzulo anzanga akupuma, ndinatsika ndekha kupita ku mabwinja a amayi aja. Tchalitchi chao nchaching'ono, chosemedwa mwaluso, ndipo pa khoma lina pali makomo atatu opindika pamwamba ngati uta, amene aima bwinobwino mpaka lero. Nachonso chidali ndi bwalo lake, chipinda chodyera ndi chipinda cha msonkhano chokhala ndi mipando ya miyala m'mbali mwa khoma. Ndinakhalapo pa mpando umodzi, mwala uli zii. Amayi ameneŵa adapemphera pamenepa zaka zoposa 350. Ankalandira alendo, ndipo akazi a m'mabanja a mafumu a zilumba zozungulira ankabwera kudzaikidwa m'manda pomwepo. Itatha nthaŵi yao, nyumba yao idasanduka chiyani? Mlendo wina wotchuka wa ku England, Samuel Johnson, adafikako mu 1773, napeza tchalitchi cha amayi chili khola la ng'ombe, ndoŵe itakwirira pansi ponse pamodzi ndi miyala ya pamanda. Lero ndoŵe adachotsa, pa bwalo adabzalapo maluŵa, ndipo mpokongola ndithu. Koma denga palibe. Duke adapereka, amayi a Guild adasonkha, MacLeod adamanga, zonsezo ku nyumba ya abambo. Sindikuimba mlandu munthu, pakuti ndalama sizikwanira zonse. Ndikungonena zimene ndinaona.

Chinandiŵaŵa koposa denga ndi maina. Ku mbali ya abambo akukuuzani mndandanda wa akulu a amonke kuyambira Columba, ngakhale mmisiri ali ndi dzina lake pa nsanamira. Ku manda akale a pafupi ndi tchalitchi, mlendo wina wa mu 1549 adalemba kuti kudagona mafumu 48 a Scotland. Ku mbali ya amayi, pa zaka 350, maina odziŵika ndi oŵerengeka. Pali Bethoc woyamba uja. Palinso Anna MacLean, mkulu wa masisitere amene adamwalira mu 1543. Mwala wa pamanda pake udasweka, koma mbali yotsalayo ikumuonetsa atavala zovala zake za usisitere, angelo aŵiri atamgwirira mtsamiro, tiagalu tili m'mbali mwake, ndipo pamwamba pa mutu pali galasi loyang'anira ndi chipeso. Ndinakondwa ndi chipesocho. Adali mayi ngati ife. Koma amene ankaphika, amene ankatunga madzi, amene ankayambitsa nyimbo, onsewo adapita ndi maina ao, chifukwa panalibe amene adalemba, kapena zimene adalemba palibe adazisunga.

Amayi anzanga, nditabwera kuno ndinatsekula bokosi la mabuku a Mvano wathu limene ndidalandira pamene munandisankha. Ndivomere pamaso panu kuti ndidakhala nalo zaka osalitsekula mpaka pansi. Buku loyamba, la amayi amene adayamba Mvano pa mpingo uno, ndinalipeza chiswe chitadya kuyambira pachikuto mpaka pakati. Bokosilo linkakhala m'vesitile, pakona paja pamene pamadontha, ndipo tonse timapadziŵa, pakuti takhala tikutcherapo beseni dzinja lililonse. Maina amene ndatha kuŵerenga bwino ndi asanu ndi aŵiri okha, pamene akuluakulu akuti oyambawo adali ambiri kuposa apo. Za malata a pakonapo komiti yagwirizana kuti chopereka cha lero chiyambire pamenepo, ndipo msungichuma afotokoza ndikakhala pansi.

Za maina ndiye ndikupempha inu agogo athu amene mudawaona amayi amenewo ndi maso, ndi inu ana ndi zidzukulu zao. Ndagula kope latsopano la chikuto cholimba. Lachinayi likudzali, ndi Lachinayi lililonse mpaka mwezi uno utatha, ndidzakhala pa khonde la tchalitchi kuyambira 1 koloko, tisanayambe mapemphero. Mudzandiuze dzina, mudzi, ndi ntchito imene mayiyo ankagwira pakati pathu, ngakhale ikhale yosesa. Amene miyendo ikuvuta mutume mwana, ndidzabwera kunyumba.